Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chikumbutso cha Malemu Tongai Moyo ku Kwekwe

Mafumu athu, atsogoleri a mipingo, akubanja la a Moyo, oyimba a Utakataka Express, amayi ndi abambo amene mwachokera ku Mbizo, Amaveni, Torwood, Shurugwi ndi Zvishavane, ndikupatsani moni nonse.

Ndiyankhula m'chinenero cha agogo athu amene anachoka ku Nyasaland kudzakumba golide ku Globe and Phoenix ndi kusungunula zitsulo ku ZISCO. A Tongai Moyo sanali a mtundu wathu, koma m'makomboni mwathu analowa ngati mwana wa pakhomo. Bambo akaweruka ku mgodi, fumbi lili mbuu kumaso, ankasamba, kukhala pakhonde n'kutsegula wailesi. Ikalira nyimbo yawo ya Samanyemba, mayi amene akupala moto panja ankayamba kugwedeza mapewa mthiko uli m'manja. Pa ukwati, pa tsiku la malipiro, ngakhale ng'oma za gule wamkulu zikangoleka, chotsatira chinali nyimbo za sungura.

Anabadwa pa 12 March 1968 ndipo anatisiya pa 15 October 2011 ku Harare, ali ndi zaka 43 zokha. Khansa inawazunza zaka zingapo, koma ankakwerabe pa siteji atavala bwino monga mwa chizolowezi chawo, thupi litatha, mawu okha ali chilili. Anagona kwawo ku Sesombe, ku Zhombe.

Mtundu uliwonse uli ndi njira yokumbukira kholo. Ayuda amayatsa kandulo chaka ndi chaka pa tsiku limene bambo kapena mayi anamwalira, ana n'kupemphera. Ife timafulula mowa wa bona ndi kumanga chiliza. Ana a woyimba amaitana anthu, kulumikiza magitala, kuti nyimbo za bambo awo zimvekenso m'tauni imene inawalera. Zimenezi n'zolemera, ndipo ndikuthokoza banja chifukwa chosatopa.

Tsono pali nkhani imene ndabwera nayo. Pamene a Tongai, amene tinkawatcha a Dhewa, ankayamba, atachoka ku Shirichena Jazz Band n'kutulutsa chimbale cha Vimbo mu 1996, anthu ambiri ankati akungotsanzira a Leonard Dembo, amene anamwalira chaka chomwecho. Anawanena m'mabawa, anawanena m'manyuzipepala. Iwo sanaleke. A Oliver Mtukudzi, amene nthawi ina ankakhala konkuno ku Kwekwe, anawalimbikitsa, ndipo pang'onopang'ono anapeza kayimbidwe kawokawo mpaka dziko linagawikana, ena a woyimba mnzawo Macheso, ena a Dhewa. Lero ife tomwe tikuchitira mwana wawo Peter zomwezo. Peter akayimba nyimbo za bambo ake timati alibe zake. Akayimba zake, kuyambira pa chimbale cha Mushonga Mukuru cha 2013, timati sakufika pa bambo ake. Kodi tikufuna atani? Analandira gulu la bambo ake ali mnyamata, misozi isanaume, pamodzi ndi oyimba amene ali ndi mabanja odya tsiku ndi tsiku.

Mwana wathu Peter, nyimbo za malemu muzisunge, koma musaope kuyenda njira yanu. Abambo anu sanakule pokhala Dembo wachiwiri. Ndipo inu ana onse a malemu, gwiranani manja. Dzina ili n'lanu nonse.

Kwa ife okonda nyimbo, chikondi cha pakamwa sichigula zingwe za gitala. ZISCO inaima mu 2008, ndalama zavuta m'matauni athu ano, ndikudziwa. Komabe amene amagula disiki yokopera mwakuba pamsika, kapena kudumpha mpanda kuti asalipire pakhomo, akulanda nsima ya ana amasiye a munthu amene akuti amamukonda. Lipirani. Amalonda a golide ndi eni mashopu a kuno ku Midlands, thandizani mwambo uno ndi ndalama, musamangobwera kudzakhala pamipando yakutsogolo.

Abambo anzanga, pokumbukira khansa imene inazunza malemu, chotupa chikatuluka m'khosi kapena m'khwapa n'kukhalitsa, pitani kuchipatala msanga. Khansa ikapezeka koyambirira, madokotala amakhala ndi pogwira.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chikumbutso cha malemu Tongai Moyo chatsegulidwa. Anyamata, gwirani zida.