Citsime ndi Ndende

Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Kafue

 Funso limene ndapatsidwa ndi ili: kodi ciwawa cimatha ndi cilango cowawa, kapena ndi kucinjiriza monga ticitira ndi nthenda?

Tiyambe ndi cimene tonse ticikumbuka. Mu Januwale 2024 sukulu sizinatseguke cifukwa ca kolera, ndipo ana anakhala kunyumba kufikira pa 12 Febuluwale. Odwala a ku Lusaka anagonekedwa m'bwalo la mpira la Heroes. Madokotala anagwira nchito usana ndi usiku, koma kuciza kokha sikukanaletsa mliriwo. Anthu anathira mankhwala m'madzi, nakwirira zitsime zosazama, nafunsa kumene wodwala ali yense anatunga madzi.

Alipo amene anafunsa funso lomweli pa nkhani ya ciwawa. Dokotala Gary Slutkin, amene analimbana ndi kolera ku Somalia, pobwerera kwao ku Chicago anaona kuti kuphana kumafalikira monga nthenda: wolasidwa lero amabwezera mawa. M'caka ca 2000 anayamba kutuma anthu amene anyamata amawamvera kuti akaziziritse mikangano isanafike pa mfuti. Ku Glasgow, m'dziko la Scotland, apolisi anayamba m'caka ca 2005 kugwirizana ndi aphunzitsi ndi acipatala pa nchito yotere, ndipo popita zaka 10 ciwerengero ca ophedwa m'dzikomo cinatsika pafupifupi ndi theka.

Sindikunena kuti ndende zitsekedwe. Wopha mnzace ayenera kuweruzidwa, ndipo wamasiye ayenera kuona cilungamo. Malamulo athu sali ofewa: wolanda katundu mwaciwawa alandira zaka zosacepera 15, ndipo cilango ca imfa cinalipo kufikira Disembala 2022. Koma mnyamata wokhuta kacasu sawerengera zaka za ku Mukobeko asanasolole mpeni. Woweruza amakomana naye mwazi utakhetsedwa kale, pamene ife timakomana naye ali ndi zaka 7. Woweruza ali ngati dokotala wa m'bwalo la mpira lija. Ife ndife olonda citsime.

Mzinda wathu uno unakula ndi mafakitale a feteleza ndi nsalu. Nchito zitacepa, mabanja ambiri anasauka, ndipo m'nyumba zina njala inadza ndi mowa ndi ndeu. Caka catha ndinapeza msomali wonoledwa m'thumba la mnyamata wa Giredi 5. Mtima wanga unafuna kumpitikitsa tsiku lomwelo. Koma a hedi anati, "Aphunzitsi, kaoneni kwao poyamba." Ndinapita, ndipo ndinamva kuti usiku uli wonse mwanayo amaona amai ace akumenyedwa, ndi kuti msomaliwo anausungira atate ace. Nkhaniyo tinaipereka kwa oyenera, ndipo mnyamatayo tinamuika kukhala wosunga mpira wa sukulu. Sindinganene kuti wasinthiratu, pakuti mkwiyo ukadalimo; koma lero lino ali m'kalasi. Ndikadampitikitsa, akadapita nao kuti msomali uja?

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, buku la maina likhale ngati buku la kucipatala. Mwana akajomba masiku 3, tipite kwao, pakuti kucokera m'caka ca 2022 malipiro a sukulu anacotsedwa, ndipo kawirikawiri comletsa ciri cina. Caciwiri, titaye ndodo. Boma linailetsa m'sukulu m'caka ca 2003, ndipo ife tikamenya tiphunzitsa mwana kuti wamphamvu ndiye wolungama. Cacitatu, tikaona zipsera pa thupi la mwana tisakhale cete. Apolisi ali ndi ofesi ya Victim Support Unit ya milandu yotere, ndipo abusa ndi mafumu angatiperekeze.

Akulu anati, kuongola mtengo mpoyamba. Pa Lolemba, poitana maina, tiyeni tiyang'anitsitse mpando wopanda mwini, ndipo dzuwa lisalowe tisanadziwe kumene mwanayo ali.