Tayala Lokhalitsa pa Misewu ya ku Chitipa

Msewu wochokera ku Karonga kukafika pa boma la Chitipa, wa makilomita pafupifupi 100, unaikidwa phula ndi chithandizo cha dziko la China. Koma munthu wa njinga yamoto amene apitirira ku Nthalire, kapena kukwera mapiri a Misuku kumene alimi amabzala khofi, amakumana ndi miyala, fumbi, ndiponso matope m'nyengo ya dzinja. Pachifukwa ichi, tayala lokhalitsa lisankhidwe poganizira msewu umene njingayo imayenda kaŵirikaŵiri.

Tayala la mphira wolimba ndi mano osaya limakhalitsa pa phula, koma pa dongo lonyowa la ku Misuku limaterera, ndipo potsika chitunda ngozi siichedwa. La mano akuluakulu limagwira matope bwino, koma phula limalidya msanga, makamaka la kumbuyo limene limasenza katundu. Woyenda misewu yonse iŵiri achita bwino kugula tayala la mano apakati, ngakhale lingathe msanga pang'ono.

Wogula ayang'anenso manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwa tayala. Mwachitsanzo, 2322 atanthauza sabata la 23 m'chaka cha 2022. Mphira umauma ndi kung'ambika pokalamba, ngakhale tayala lisanayendepo, kotero lotsika mtengo lingakhale lakale.

Mpweya uyesedwe m'maŵa tayala lisanatenthe. Ukachepa, tayala limatentha, limadyeka m'mbali, ndipo mwala umatsina chubu.