Msangu ndi Nzeru za Makolo pa Mitengo ya M'munda



Makolo akamatsegula mphanje, nkhwangwa yawo inkasankha. Inkagwetsa mitengo yambiri kuti mbewu zione dzuwa, koma inkalambalala msuku, mtowo, bwemba, mlambe ndi msangu, pakuti uliwonse unali ndi ntchito yake pabanja. Masuku ankapsa mvula ikamayamba, nkhokwe zitayamba kupepuka, ndipo ana ankapeza chopha njala. Malambe ndi bwemba zinkakometsa phala. Makungwa ndi mizu ya mitengo ina zinali mankhwala. Mtondo, munsi, mpini wa khasu ndi ng'oma yolira pabwalo, zonsezi zinkachokera ku mitengo imene wina adaileka kuti ikule.

Mwa mitengo yonseyi, msangu ndiwo uli ndi khalidwe lodabwitsa. Umapezeka kwambiri m'minda ya m'mphepete mwa nyanja, monga ku Karonga, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, komanso m'chigwa cha Bwanje. Mitengo ina ikamaphuka ndi mvula yoyamba, msangu umayoyola masamba n'kutsala nthambi zokhazokha. Motero chimanga cha patsinde pake sichisowa dzuwa, ndipo masamba ogwawo amawolerana n'kusanduka manyowa pa nthawi imene mbewu zikufuna chakudya. M'mizu yake mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitirojeni mumpweya n'kumusiya m'nthaka. Nayitirojeniyo ndi yemwe mlimi amagula m'thumba la feteleza wa yureya. M'chilimwe, msipu utauma, msangu umabiriwira. Ng'ombe ndi mbuzi zimausa pamthunzi wake, zimadya nyemba zake zogwa, n'kusiya ndowe pomwepo. N'chifukwa chake chimanga cha pansi pa msangu chimaoneka chobiriwira kuposa cha pamtetete.

Lero m'madera ambiri nkhwangwa idaleka kusankha. Makala, kuotcha njerwa, kuchiza fodya ndi kuchepa kwa malo olima zatha mitengo m'minda ndi m'mapiri. Zotsatira zake zimayamba kuonekera pakhomo. Mayi amalawirira mbandakucha kukafuna nkhuni kutali, mwina pamodzi ndi mtsikana amene akadayenera kukhala m'kalasi. Bambo amagulitsa mbuzi kuti agule feteleza wothira m'munda woguga. Bowa ndi uchi, zimene kale zinali za aliyense, zasanduka zogula pamsika. Nthaka yokokoloka imathera mumtsinje wa Shire, kumene matope amasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Mvulayo inali yoopsa ndithu, koma phiri lometedwa siligwira dothi lake.

Boma la Malawi lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika chaka cha 2030, ndipo chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Ntchitoyi ndi yotamandika, komatu mbande zambiri zimafa ndi chiswe, moto ndi mbuzi zisanathe chaka. Pali njira ina yosalira ndalama. Zitsa zambiri za m'minda zikadali zamoyo. Mizu yake idazama kale, ndipo chaka ndi chaka zimatulutsa mphukira zimene mlimi amasadza posula. Akasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pachitsa, n'kudulira zinazo ndi kuteteza zotsalazo ku moto ndi ziweto, zimakula msanga kuposa mbande ya kunazale. Nthambi zodulirazo ndi nkhuni za pakhomo.

Njirayi idayesedwa kale. M'dziko la Niger, kumalire a chipululu cha Sahara, Tony Rinaudo wa ku Australia adayamba kuilimbikitsa pakati pa alimi a ku Maradi m'zaka za m'ma 1980. Lero minda yokwana mahekitala pafupifupi 5 miliyoni ili ndi mitengo, ndipo umodzi mwa mitengo imene alimiwo amaikonda ndi msangu womwewu, umene iwo amautcha gao.

Mawu otsiriza apite kwa eni mudzi. M'midzi yambiri nkhalango yotsala ndi ya kumanda. Ilibe mpanda kapena mlonda, koma palibe amene amalowamo ndi nkhwangwa mwachisawawa, chifukwa mwambo umaletsa ndipo mfumu imaweruza. Mphamvu yomweyo ikhoza kuteteza mphukira za m'minda. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola nyakwawa kupatula nkhalango ya mudzi. Mudzi ungathenso kugwirizana za moto wa osaka mbewa ndi za mbuzi zotayirira anthu akakolola, pakuti ziwirizi ndizo zimapha mitengo yaing'ono.

Msangu umatenga zaka kuti phindu lake lioneke, ndipo akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pososa chaka chino, banja lililonse lisiye zitsa zingapo kuti ziphuke, ndipo agogo atenge adzukulu kumunda, akawauze dzina la mtengo uliwonse ndi ntchito yake.