DZIKO LOPANDA DOKO: MAWU A PA MSONKHANO WA MAPHUNZIRO KU CHEMUSA



Nkhani imene tapatsidwa lero ndi ya ubale wa mayiko, ndiko kuti m'mene maboma amakhalirana, kuchita malonda, kupangana mapangano ndi kumenyana. Ena mwa inu munena kuti izi n'za akuluakulu a masuti ku Lilongwe. Koma taimani pa msewu uwu wa Chemusa muone magalimoto a mafuta ndi a feteleza amene akulowa m'tauni kuchokera ku Mwanza, kudzera ku Zalewa ndi ku Lunzu. Ambiri a iwo ayambira ku Beira, nadutsa ku Tete, m'dziko la eni. Malawi alibe doko pa nyanja yamchere. Thumba la feteleza limene mudzathire m'munda mwanu layenda pakhomo pa mnansi, ndipo mnansiyo akatseka chipata chimanga chanu chichita chikasu. Tsono nkhaniyi ndi yanu ndithu.

Maphunziro amenewa si akale. Adayamba kuphunzitsidwa paokha ku Aberystwyth, m'dziko la Wales, m'chaka cha 1919, itangotha nkhondo yaikulu imene idatha asilikali ndi amtengatenga athu ambiri. Anthu ankafunsa kuti, kodi nkhondo imayamba bwanji, nanga ingaletsedwe?

Poyambira pake ndi apa. Kwathu anthu awiri akakangana za malire a munda amapita kwa nyakwawa. Zikakanika apita kwa gulupu, kenaka kwa mfumu yaikulu kapena ku khoti, ndipo wokana chiweruzo amakumana ndi apolisi. Pakati pa mayiko palibe mfumu yotere. Dziko lililonse ndi lodzilamulira lokha, monga ife tidakhalira pa 6 July 1964. Ufulu umenewo ndi wokoma, koma utanthauzanso kuti ukalira palibe amene ali wokakamizidwa kubwera.

Pa chifukwa ichi anthu ena ophunzira amati chimene chimalamula mayiko ndi mphamvu ndi phindu basi. Azungu amachitcha chiphunzitsochi realism, ndipo mphunzitsi wake wotchuka ndi Hans Morgenthau, amene buku lake lidatuluka mu 1948. Iwo amati boma likamamwetulira usayang'ane mano, funsa chimene likufuna.

Kuti timve chiphunzitsochi sitisowa kupita kutali. Mu September 1964, patangopita miyezi iwiri tilandirire ufulu, Dr Banda adasemphana ndi nduna zake. Nkhani zinali zingapo, koma ina yaikulu inali ya mayiko akunja. A Kanyama Chiume, nduna ya zakunja, ndi anzawo ankafuna kuti tilandire thandizo la China ndi kuima pamodzi ndi abale amene ankamenyera ufulu kummwera. Dr Banda adayang'ana mapu. Njanji yathu inkathera ku Beira, m'manja mwa Apwitikizi, ndipo amuna athu zikwizikwi anali ku migodi ya ku Joni. Adasankha kugwirana chanza ndi eni njira. Mu 1967 tidatsegula ubale ndi boma la tsankho la South Africa, chinthu chimene mayiko ena a anthu akuda adakana kuchita. Ngongole ya kumeneko idathandiza kumanga njanji yopita ku Nacala, imene idatsegulidwa mu 1970, ndiponso likulu la Lilongwe, kumene boma lidasamukira mu 1975.

Wina anena kuti, nanga si nzeru zimenezo? Taonani chimene chidatsata. Apwitikizi adachoka mu 1975, ndipo mu Mozambique adalowa a Frelimo, amene sadaiwale mbali imene tidaima. Nkhondo ya Renamo itakula, pofika 1984 njanji zonse ziwiri, ya Beira ndi ya Nacala, zinali zitafa. Katundu wathu adayamba kuzungulira pa msewu mpaka ku Durban, ndipo mtengo wa ulendowo udagwera pa mchere ndi sopo wa munthu wa kumudzi. Mu September 1986 a Samora Machel, a Kenneth Kaunda ndi a Robert Mugabe adafika muno mu Blantyre kudzachenjeza Dr Banda maso ndi maso. Chaka chotsatira asilikali athu anali kulondera njanji ya Nacala, ndipo ena adafera komweko. Anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi adadzaza Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Amayi ena muli pano mudagawana nawo nkhuni ndi zitsime. Ife tiona kuti kuwerengera phindu kwa 1964 kudawerengera Mpwitikizi wa tsiku limenelo, nkuiwala mnansi wa mawa.

Azungu a kumadzulo nawonso adationetsa chiphunzitso chomwecho. Pamene ankalimbana ndi Russia, boma lodana ndi chikomyunizimu linali bwenzi lawo, ndipo za anthu otsekeredwa ku Mikuyu sankazifunsa kwenikweni. Mpanda wa ku Berlin utagwa mu 1989, mu May 1992 adakumana ku Paris naimitsa thandizo la chitukuko, akuti chifukwa cha ufulu wa anthu. Mikuyu inali yomweyo. Chidasintha ndi phindu lawo.

Ena amatsutsa. Iwo amati mutu umodzi susenza denga, ndipo malonda, malamulo ndi mabungwe angathe kumanga manja a wamphamvu. Ndiwo maganizo amene adabala United Nations mu 1945, imene tidalowamo mu December 1964, ndiponso bungwe la mayiko a kuno kummwera limene lidayambira ku Lusaka mu 1980, lero SADC. Musawaseke anthu amenewa. Dziko laling'ono lilibe chida china choposa pepala losainidwa.

Alipo enanso, monga Kwame Nkrumah ndi Walter Rodney, amene adati mbendera ndi yathu koma sikelo ndi ya eni. Mlimi wa fodya amene adaima pa okushoni ku Limbe kapena ku Kanengo, namva mtengo ukutchulidwa ndi wogula, safuna kumasuliridwa zimenezi.

Za China zija zidabwereranso. Tidakhala pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966, ndipo adatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu. Kumapeto kwa 2007 boma la a Bingu wa Mutharika lidatembenukira ku Beijing, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga mpaka Chitipa zidachokera kumeneko. Mtengo wake unali umodzi wokha, kuleka Taiwan. Ndipo mu April 2011 boma lomwelo litapirikitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, thandizo lidachepa, ndalama zakunja zidasowa, ndipo inu a muno mukumbukira mizere ya magalimoto ogona pa malo omwetsera mafuta.

Tikupatsani nkhani imodzi yokakambirana ku nthambi, ya nyanja yathu. Malawi amaima pa pangano la Britain ndi Germany la 1890, limene lidaika malire kugombe la kummawa, ndiponso pa chigamulo cha atsogoleri a Africa ku Cairo mu 1964 chakuti malire a atsamunda asasunthidwe. Tanzania akuti malire apite pakati pa madzi. Mkanganowu udabukanso mu 2012 chifukwa cha nkhani yofufuza mafuta, ndipo a Joaquim Chissano ndi anzawo adayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi osafika pamapeto. Kumbukiraninso kuti mafuta athu ena amatsika pa doko la Dar es Salaam. Alembi a nthambi awerenge mawu awa pa msonkhano, afunse anthu kuti pa nkhani ya nyanjayi tidalire pepala, mabungwe kapena kukambirana ndi mnansi, ndipo mayankho awatumize msonkhano wotsatira usanachitike.