Cimfine Cokhalitsa ndi Cizungulire

Usiku uno tikambirane za matenda awiri amene sagoneka munthu pamphasa, koma amamsautsa pa nchito yace: cimfine cimene cimakhazikika kunkhope, ndi cizungulire. Pa matenda amenewa anthu timalakwa pawiri. Ena amathamangira kukagula mankhwala amphamvu pamene madzi ndi mcere zikadakwanira, ndipo ena amangopirira pamene anayenera kukhala ali pa njira ya kucipatala. Oyambawo amataya ndalama, koma enawo nthawi zina amataya moyo.

Tiyambe ndi cimfine. M'mafupa a nkhope yathu muli timphako ta mpweya, tinai kumanja ndi tinai kumanzere: m'masaya, pamphumi, pakati pa maso, ndi mkati kuseri kwa mphuno. Madotolo amachula timphako timeneti kuti sinus. Kali konse kali ndi kakhomo kotulukira m'mphuno, ndipo mamina amatsika pamenepo tsiku ndi tsiku ife osadziwa. Cimfine cikatigwira, mkati mwa mphuno mumatupa, tikhomo tija timatsekeka, ndipo mamina amasowa potulukira. Pamenepo nkhope imalemera, pamphumi pamawawa makamaka mukawerama polima kapena posesa, ndiponso mano a m'mwamba amapweteka, munthu nkuyesa kuti dzino labooka. Pfumbi la mwezi wa October, utsi wa lupsa, utsi wa m'khichini ndi wa fodya, zonsezi zimakulitsa bvutoli.

Kawirikawiri coyambitsa cace ndi tizirombo ta cimfine tochedwa mavairasi, timene makapisozi a antibayotiki sangatiphe. Cifukwa cace musaumirize dotolo kuti akubayeni jakisoni, ndipo musagule makapisozi pamsika. Thupi limadziciza lokha pa milungu iwiri kapena itatu. Nchito yanu ndi kulithandiza.

Coyamba, wiritsani madzi okwana theka la lita, muwasiye mpaka atsale ofunda, musungunulemo mcere wokwana supuni imodzi yaing'ono ya tiyi. Sambani m'manja, thirani madziwo pa cikhatho, muwakokere m'mphuno imodzi ndi kuwasiya atuluke okha, kenaka mucitenso comweco ku mphuno inayo. Madzi osawiritsa asalowe m'mphuno mwanu. Caciwiri, imwani madzi ambiri, ikani nsaru yofunda pankhope, ndipo pogona tsamirani pokwera. Cacitatu, mutu ukawawa imwani panado monga kwalembedwa pa cikuto cace. Aspirini musapatse mwana wosakwana zaka 16. Mankhwala odontheza m'mphuno ogula m'sitolo musapitirire nao mlungu umodzi, pakuti mukawazolowera mphuno imatsekeka koposa kale.

Ambiri timakonda kufukiza ndi masamba a bulugama. Nthunzi imapepuza mphuno kanthawi, koma siciza nthenda, ndipo mphika wa madzi owira pansi pa bulangete ungathe kutentha mwana koopsa. Ana musawafukize.

Akapita masiku 10 osaona kusintha, kapena mukayamba kupeza bwino kenaka nkubwerera mwamphamvu, kaonaneni ndi a cipatala. Koma diso likatupa, khosi likauma, kapena wodwala akayamba kubwebweta, nyamukani tsiku lomwelo. Thupi likatentha, kayezetseni mwazi, pakuti malungo amabisala kuseri kwa cimfine.

Tsopano za cizungulire. Ciri ca mitundu iwiri, ndipo nkofunika kuuza dotolo mtundu umene inu mukumva. Mtundu woyamba ndi cidima ca m'maso cimene cimadza munthu akaimirira msanga. Mwazi umatsalira ku miyendo, ubongo nkuperewedwa kwa kamphindi. Pamene ndinali kuphunzitsa sukulu ndinaona ana ambiri akugwa pa mzere wa m'mawa. Powafunsa ndinapeza kuti anayenda mtunda wautali osalawa kanthu. Njala, ludzu, dzuwa, kutsegula m'mimba, ngakhalenso mankhwala ena otsitsa kuthamanga kwa mwazi, zimacita comweco. Cikakugwirani, khalani pansi pomwepo, kapena gonani cagada ndi kukweza miyendo. Podzuka m'mawa yambani mwakhala tsonga pang'ono, ndipo muimirire pambuyo pace.

Mtundu waciwiri ndi uja munthu amaona nyumba yonse irikuzungulira. Umenewu kawirikawiri umacokera mkati mwa khutu, m'mene muli tinjira titatu topindika todzaza madzi, timene timauza ubongo m'mene mutu wapendekera. Pafupi ndi tinjirato pali timiyala tating'onoting'ono. Kamodzi kakasocera nkulowa m'kanjira, munthu amazungulira mutu akangotembenuka pogona kapena akayang'ana kumwamba, ndipo zimaleka mphindi imodzi isanathe. Ncoopsa kucimva, koma sicipha. M'caka ca 1992 Dr. John Epley wa ku America analemba njira yotembenuza mutu wa wodwala pang'onopang'ono kufikira timiyalato titabwerera m'malo mwace, ndipo madotolo amaigwiritsa nchito kufikira lero. Pamene muli ndi cizungulire cotere musakwere njinga kapena denga, ndipo musaime m'mbali mwa citsime kapena pafupi ndi moto.

Cizungulire cikakhala ca masiku onse, yang'anani zikhatho ndi mkati mwa zikope. Zikayera mbee, ndiye kuti mwina mwazi wacepa cifukwa ca malungo, njoka za m'mimba, kapena pakati. Amai oyembekezera asaleke kumwa mankhwala oonjezera mwazi amene amalandira ku sikelo, ndipo pa mbale pasasowe nyemba, masamba obiriwira, usipa kapena ciwindi. Musacite manyazi kukayezetsa. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pali zizindikiro zimene siziyembekeza kuti kuce. Cizungulire cikadza pamodzi ndi kupotoka pakamwa, kufooka kwa dzanja kapena mwendo, lilime lolemera, kapena kupweteka pacifuwa, funani cokwera nthawi yomweyo.

Potsiriza, mau amodzi a nyengo yozizira. M'miyezi ya June ndi July ambiri timalowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka zitseko ndi mazenera. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe pfungo ndiponso suoneka ndi maso, ndipo cizindikiro cace coyamba ndi mutu ndi cizungulire. Mukaona kuti a m'nyumba imodzi nonse mwayamba kumva mutu nthawi imodzi, musati ncimfine, musati tigone tiona mawa. Tsegulani citseko, tulutsani ana panja, ndi kupita nao kucipatala. Mbaula isagone m'cipinda cogona anthu.