Thukuta Lanu Lisathere m'Sitolo

Mawu amene analankhulidwa kwa ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'mafamu ku Arcadia, mumzinda wa Pretoria

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakwera matekisi awiri kuti mufike kuno, ndipo lero ndi tsiku lokhalo limene mumapuma pa sabata. Choncho ndilunjika pa nkhani imene tasonkhanira.

Chaka changa choyamba m'dziko lino ndinagula foni m'sitolo ina ya m'tauni muno kuti nditumizire mayi anga kumudzi. Patangotha masabata atatu, ndisanapeze n'komwe woinyamula, foni ija inazima osayakanso. Nditabwerera nayo, wogulitsa anangondilozera chikwangwani cholembedwa kuti "No refund", kenaka atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa kumene ndinachokera. Ndinatuluka mwakachetechete, malipiro a sabata yathunthu atapita. Ndinaluza ndalama ija chifukwa cha mantha ndi kusadziwa, pakuti lamulo linali kumbali yanga.

Lamulolo limatchedwa Consumer Protection Act, nambala 68 ya chaka cha 2008, ndipo linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011. Pofotokoza za wogula, limanena za munthu amene wagula katundu kapena walipira ntchito, osafunsa mtundu wake kapena dziko lake. Mmalawi, Mzambiya ndi Mmozambiki ali ndi ufulu wofanana ndi wa mbadwa ya kuno pa kauntala ya sitolo.

Gawo 56 la lamuloli ndi limene ndikufuna kuti mulisunge pamtima. Katundu akaonetsa vuto m'miyezi 6 kuchokera tsiku limene munamulandira, muli ndi ufulu womubweza popanda kulipira chindapusa. Pali njira zitatu: akukonzereni, akupatseni wina, kapena akubwezereni ndalama. Wosankha pa zitatuzi ndi inu, osati mwini sitolo. Simukakamizidwa kulandira vocha m'malo mwa ndalama, ndipo chikwangwani cha pakhoma sichingafafanize lamulo la Nyumba ya Malamulo. Mukasankha kuti akonze, koma vutolo likabweranso m'miyezi itatu atakonza, ayenera kukupatsani wina kapena kubweza ndalama.

Komatu ufulu umenewu uli ndi malire, ndipo sindikubisirani. Mukangosintha maganizo chifukwa mtundu wa bulangeti sunakusangalatseni, sitolo ikhoza kukana. Foni ikagwera m'madzi kapena mukaitsegula nokha, vutolo ndi lanu, ndipo wogulitsa ali ndi ufulu woyamba wauyeza katunduyo kuti aone chomwe chachitika. Akakuuzani momveka vuto lenileni la firiji yakale musanagule, inu n'kuvomera, simungadzadandaule za vuto lomwelo. Koma sitolo imene yangolemba mawu akuti "voetstoots" popanda kutchula vutolo siinadzimasule. Chenjerani kwambiri pogula kwa munthu wamba pa Facebook amene akugulitsa chinthu chake kamodzi kokha, chifukwa lamuloli limakhudza amene kugulitsa ndi bizinesi yawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ife ochokera kutali tili ndi vuto lina lapadera. Timagula wailesi, sola kapena makina osokera, n'kuzisunga m'katoni pansi pa bedi mpaka Disembala. Katunduyo akadutsa Beitbridge ndi Nyamapanda n'kufika pa Mwanza, ndi pamene achibale amazindikira kuti sakugwira ntchito, miyezi 6 itatha kale. Choncho tsegulani katoni tsiku lomwelo, muyese chinthucho kwa masiku angapo musanachitumize. Lisiti nalonso ndi ufulu wanu malinga ndi gawo 26. Zolemba za pa lisiti la makina zimafufutika msanga, ndiye lijambuleni pa foni mukangotuluka m'sitolo. Wonyamula katundu kupita kumudzi akulembereni mndandanda wa zomwe watenga ndi ndalama zomwe mwalipira.

Tsopano za leyibayi, imene ambiri timadalira. Gawo 62 limati ndalama zimene mukulipira pang'onopang'ono zimakhalabe zanu mpaka mutalandira katundu. Mukalephera kumaliza, sitolo ikhoza kudula chindapusa chosapitirira 1 peresenti ya mtengo wonse, zotsalazo ikubwezereni. Pa bedi la R3 000, chindapusacho ndi R30 yokha. Ngati mwalephera chifukwa chogonekedwa m'chipatala, palibe chodula. Mukamaliza kulipira koma sitolo n'kulephera kupereka katunduyo mwa kulakwa kwake, muli ndi ufulu wosankha katundu wofanana naye kapena woposa, kapenanso kulandira kawiri ndalama zimene munalipira.

Pa nkhani ya makontirakiti, safunsa anadya phula. Gawo 22 limalamula kuti pangano lilembedwe m'mawu omveka kwa munthu wamba. Musasaine pepala limene simunalimve, ngakhale wogulitsa akufulumizitseni chotani. Pemphani kope lanu, mukawerenge ndi wina. Kontirakiti ya nthawi yoikika, monga ya foni ya miyezi 24, mukhoza kuithetsa popereka chidziwitso cholembedwa cha masiku 20 a ntchito. Mudzalipira zomwe munagwiritsa kale ntchito ndi chindapusa choyenera, koma sangakutsekereni khomo. Ndipo wogulitsa akakutsatani yekha, pa foni kapena pakhomo pa nyumba zogona za pa famu, muli ndi masiku 5 a ntchito oti musinthe maganizo popanda kupereka chifukwa.

Ndinenenso za akatapila, amene kuno amawatcha mashonisa. Lamulo la ngongole, National Credit Act la 2005, limaletsa wobwereketsa ndalama kusunga chiphaso chanu, khadi lanu la kubanki kapena nambala yake yachinsinsi ngati chikole. Wochita zimenezi akuphwanya lamulo, ndipo bungwe la National Credit Regulator limalandira madandaulo otere.

Nanga sitolo ikakana, mulowere kuti? Yambani ndi manijala, mwaulemu koma mosagwedezeka, mutchule gawo 56. Lembani dandaulo lanu, ngakhale pa WhatsApp, kuti pakhale umboni wa tsiku ndi yankho lawo. Zikakanika, pitani kwa Consumer Goods and Services Ombud, amene amathandiza kwaulere. Za magalimoto zimapita kwa Motor Industry Ombudsman. Pamwamba pawo pali National Consumer Commission, imene ili mu Pretoria momwemuno, komanso boma la Gauteng lili ndi ofesi yake yoona za ogula. Palinso khoti la milandu ing'onoing'ono, Small Claims Court, kumene sikulowa maloya. Mu 2019 malire ake anakwezedwa kufika pa R20 000. Kumeneko mumayamba ndi kalata yopatsa mnzanuyo masiku 14 kuti alipire. Lamulo limapereka zaka zitatu zodandaulira, koma musadikire, chifukwa umboni umasowa ndipo masitolo ena amatsekedwa.

Ndikudziwa chimene chili m'mitima ya ena: mantha oti dandaulo la foni lingatembenuke n'kukhala funso la mapepala. Mantha amenewo ndi amene ogulitsa osakhulupirika amadyerapo. Ngati mukukayika, yambani mwafunsa uphungu ku Lawyers for Human Rights, amene ali ndi ofesi mu Pretoria ndipo amathandiza anthu ochokera kunja, kapena ku chipatala cha zamalamulo cha University of Pretoria ku Hatfield. Pobwerera ku sitolo musapite nokha. Tengani mnzanu wodziwa Chingerezi kapena Chisotho kuti akhale mboni. Mutu umodzi susenza denga.

Ndalama imene mumapereka pa kauntala ndi ya mawondo amene anagwada pokolopa ndi msana umene unawerama m'munda wa kabichi. Ana akuidikira ku Mangochi, ku Chipata ndi ku Angonia. Pempho langa ndi lakuti madzulo ano mufufuze malisiti amene muli nawo, muwajambule, ndipo muuze mnzanu mmodzi amene sanabwere za miyezi 6 ija.