BOWA WOSAONEKA NDI CHIMANGA CHATHU
(Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa bungwe lathu ku Lilongwe)



Ambiri mwa ife timagwira ntchito ku City Centre, koma tili ndi kamunda kuseri kwa nyumba ku Area 10 kapena 43, ena ku Mitundu ndi ku Mpingu. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza linatilemera tonse. Choncho ndikambe za mthandizi amene salipitsa.

Inu mumadziwa ndelema ndi manyame amene amagulitsidwa mumsika wa ku Old Town nthawi ya dzinja. Bowa ameneyu amamera pafupi ndi mitengo ya mombo ndi masuku chifukwa amakhalira limodzi ndi mizu yake. Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Albert Frank, anatcha ubale umenewu mycorrhiza, kutanthauza bowa wa kumizu.

Chimanga, mapira ndi mawere nazonso zili ndi bowa wake, koma wosatuluka pamtunda. Amalowa m'mizu n'kutambasula timaulusi tosaoneka ndi maso, tofika kumene muzu sungafike. Timaulusiti timabweretsa phosphorous, zinc ndi madzi, ndipo mbewu imabwezera shuga. Phosphorous sayenda m'nthaka; akapanda womutengera, chimanga chimapinimbira ndi kufiira masamba. Kafukufuku wa ku Cameroon anaonetsanso kuti bowayu amachepetsa kaufiti m'mapira ndi m'chimanga.

Musamusokoneze ndi mankhwala akuda opaka soya pobzala. Amenewo ndi mabakiteriya opatsa nayitirojeni. Bowa wathuyu sachulukana popanda muzu wamoyo, ndipo m'minda yambiri alimo kale. Ntchito yathu ndi kusamuwononga.

Choyamba, kugalauza ndi kusuntha mizere chaka ndi chaka kumadula timaulusi tija. Yesani mtayakhasu pagawo lina la munda. Chachiwiri, musatenthe mapesi, koma phimbirani nthaka. Chachitatu, bzalani nandolo, khobwe kapena mtedza mwakasinthasintha. Kabichi ndi mpiru sizisunga bowayu. Chachinayi, feteleza wa phosphorous akachuluka, mbewu imamukana mnzakeyu. Pimitsani nthaka yanu ku Chitedze kuti muthire mlingo woyenera.

Sindikunena kuti tisiye feteleza, ayi. Bowa sapereka nayitirojeni yense amene chimanga chimafuna. Koma thumba limodzi lomwelo lingapindule koposa m'nthaka yamoyo. Mukapita kumudzi, kauzeniko abale.